Ma save 652 a Rivera, 310 a Gossage: kodi tikuwerenga chinthu chimodzi?

Pa 22 Ogasiti 2007, pa masewero a baseball ku America, timu ya Texas Rangers inaswa Baltimore Orioles 30–3. Woponya wina, Wes Littleton, analowa mu inning (chigawo cha masewero) ya 7 timu yake ikutsogola kale 14–3, anaponya ma inning atatu omaliza, ndipo wolemba ziwerengero anamupatsa save, nambala yoyamikira woponya amene wasunga chitsogozo cha timu yake mpaka masewero atha. M'buku, save imeneyi ndi yofanana ndendende ndi ya munthu amene walowa timu ikutsogola ndi run (chigoli) imodzi yokha, ma base onse atatu, malo amene othamanga amaimapo, ali ndi adani, womenya woopsa akumudikirira. Palibe chizindikiro chosiyanitsa ziwirizi. Vuto lonse la kuyeza oponya olowa m'malo mwa anzawo pogwiritsa ntchito ma save layambira pomwepa, ndipo limakula kwambiri tikayamba kuyerekeza anthu a zaka za m'ma 1970, monga Goose Gossage, ndi a zaka za pambuyo pake, monga Mariano Rivera.

Masewero a baseball amakhala ndi ma inning 9, ndipo mu inning iliyonse timu yoteteza iyenera kutulutsa omenya atatu. Ndiye kuti ma out 27 pa timu iliyonse pa masewero onse. Woponya woyamba akatopa kapena akayamba kumenyedwa, manijala amaitana wina kuchokera ku bullpen, kamalo kakumbali kwa bwalo komwe ma reliever, oponya olowa m'malo mwa anzawo, amatenthetsera mkono. Amene amapatsidwa udindo womaliza masewero timu ikutsogola ndiye amatchedwa closer, wotseka.

Lamulo la save, lomwe pano ndi Rule 9.19, limafuna kuti woponyayo akhale womaliza pa masewero omwe timu yake yapambana, asakhale amene walembedwa kuti wapambana ndi iye, ndipo atulutse womenya mmodzi kapena kuposerapo. Pamwamba pa zimenezi akwaniritse chimodzi mwa zitatu: alowe timu ikutsogola ndi ma run osapitirira atatu n'kuponya inning yathunthu, kapena alowe pamene munthu amene angafananitse zigoli ali pa base, ali pomenyera, kapena ndi wotsatira kumenya, kapena aponye ma inning atatu, kaya timu ikutsogola ndi angati. Chachitatuchi ndi chomwe chinapatsa Littleton save yake.

Chachiwiricho chili ndi masamu ake. Werengani adani amene ali pa base, onjezerani awiri, ndipo mwapeza kusiyana kwa zigoli komwe kumalolabe save. Ma base onse atatu akadzaza, woponya akhoza kulowa timu ikutsogola ndi ma run asanu, kuponya mpira umodzi, womenya n'kuuwulutsa m'manja mwa wina, save yapezeka. Koma akalowa timu ikutsogola ndi atatu, pa base palibe aliyense, kwatsala out imodzi, sapeza kanthu. Mamanijala malire amenewa amawadziwa pamtima, ndipo nthawi zambiri mudzaona closer akuvula jekete kapena kuivalanso malinga ndi run imodzi imene timu yake yangogoletsa kumapeto kwa inning ya 8.

Nambalayi anaipeka ndi mtolankhani wa ku Chicago, Jerome Holtzman. Chinamupweteka mtima chinali chaka cha 1959 cha Elroy Face wa Pittsburgh Pirates, amene analembedwa kuti wapambana masewero 18 n'kugonja amodzi okha. Holtzman anaona kuti kangapo konse Face ankalowa timu ikutsogola, adani n'kugoletsa, kenaka anzake omenya n'kumupulumutsa, chipambano n'kulembedwa pa dzina lake. Panafunika njira yoyamikira munthu amene wasunga chomwe anamusiyira. MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, inavomereza save mu 1969, ndipo woyamba kuilandira anali Bill Singer wa Los Angeles Dodgers, amene sanali ngakhale reliever: anali woponya woyamba amene tsiku lotsegulira ligi anamaliza ma inning atatu m'malo mwa Don Drysdale.

Ma save onse a zaka za 1969 isanafike, monga 22 a Firpo Marberry mu 1926 kapena 22 a Jim Konstanty mu 1950, anawerengedwa pambuyo pake ndi ofufuza. Anthu amenewo sankadziwa n'komwe kuti akusonkhanitsa kanthu. Ndipo lamulolo silinakhale limodzi. Poyamba linali lofewa, kungomaliza masewero osataya chitsogozo. Mu 1974 analilimbitsa kwambiri, kenaka mu 1975 anaika lomwe tikugwiritsa ntchito lero. Choncho amene akuona kuti Mike Marshall anapeza ma save 21 okha mu 1974 adziwe kuti chinali chaka cha lamulo louma kuposa onse, komanso kuti bambo ameneyu anaponya m'masewero 106, ma inning 208 ndi out imodzi, onse kuchokera ku bullpen, n'kutenga mphoto ya Cy Young, ya woponya wabwino koposa mu ligi. Oponya oyamba ambiri masiku ano safika ma inning amenewo.

Ma save akukwera, ntchito ikuchepa

Njira yachidule yoonera kusintha ndi kutsata anthu amene anaphwanya kapena kufananitsa mbiri ya ma save ambiri pa chaka, n'kuika pambali pake ma inning amene anaponya. M'mabuku a baseball, 125.1 sikutanthauza gawo limodzi mwa magawo khumi ayi, koma ma inning 125 ndi out imodzi; .2 ndi ma out awiri. John Hiller wa Detroit mu 1973 anapeza 38 m'ma inning 125.1. Dan Quisenberry wa Kansas City mu 1983 anapeza 45 m'ma inning 139. Bruce Sutter anafikanso pa 45 mu 1984 m'ma inning 122.2. Dave Righetti mu 1986, 46 m'ma inning 106.2. Bobby Thigpen mu 1990, 57 m'ma inning 88.2. Francisco Rodríguez mu 2008, 62 m'ma inning 68.1. Quisenberry analowa m'masewero 69, kutanthauza ma inning awiri ulendo uliwonse. Rodríguez analowa m'masewero 76, osakwana ngakhale inning imodzi pa ulendo. Ma save anakwera ndi 17, ntchito inatsika ndi theka.

Ma reliever a m'ma 1970 ankatchedwa ozimitsa moto, ndipo dzinalo linkanena zoona. Rollie Fingers, Goose Gossage ndi Sparky Lyle ankaitanidwa pamene zinthu zafika pa mwana wakana phala, kaya ndi mu inning ya 7, kaya zigoli n'zofanana, kaya timu yatsalira ndi run imodzi. Akazimitsa motowo ankakhala pomwepo mpaka masewero atha. Kwa Fingers, Gossage ndi Sutter, ma save oposa theka anawapeza ataponya kupitirira inning imodzi. Komanso mipata inali yochepa chifukwa oponya oyamba ankamaliza okha masewero: Catfish Hunter yekha anamaliza 30 mu 1975, pamene mu 2023 matimu onse 30 a MLB kuwaphatikiza sanafike 40. Woponya woyamba akamaliza yekha, palibe amene amapeza save.

Kusintha kunabwera pang'onopang'ono. Herman Franks, manijala wa Chicago Cubs, ataona kuti Sutter amafooka chaka chikamapita kumapeto, anayamba kumusunga kuti azilowa makamaka timu ikutsogola. Kenaka ku Oakland, manijala Tony La Russa ndi mphunzitsi wake wa oponya Dave Duncan anatenga Dennis Eckersley, woponya woyamba amene ambiri ankati watha, n'kumupatsa ntchito yopapatiza kwambiri: inning ya 9, timu ikutsogola, kawirikawiri pa base popanda munthu. Mu 1990 Eckersley anapeza ma save 48, ERA yake, yomwe ndi ma run amene woponya amalola adani kugoletsa pa ma inning 9 alionse, inali 0.61, ndipo anapereka ma walk (kulola womenya kupita pa base chifukwa choponya mophonya kanayi) anayi okha chaka chonse. Mu 1992 anatenga Cy Young ndi MVP, mphoto ya wosewera wofunika koposa, pamodzi. Matimu ena onse anatengera. Nambala imene Holtzman anaipangira kufotokoza ntchito inasanduka yolamulira ntchitoyo.

Ndalama nazo zinathirapo mchere. Pa milandu ya malipiro, pamene osewera ndi timu amakaonekera pamaso pa oweruza, ma save amalemera kwambiri. Mu Febuluwale 2017 Dellin Betances, amene anali atasankhidwa ku All-Star, masewero a akatswiri a ligi, zaka zitatu zotsatizana, anapempha madola 5 miliyoni, New York Yankees inati 3 miliyoni, ndipo timu inapambana. Mfundo yake yaikulu inali yoti Betances si closer. Munthu akaona zotere, n'chifukwa chiyani angavomere kuzimitsa moto mu inning ya 7?

Mwayi, ndi ma save otayika

Closer sapanga mipata yake. Timu ikamapambana ndi ma run ambiri, iye amangokhala, ikamagonja, amangokhalanso. Rodríguez anapatsidwa mipata 69 mu 2008 chifukwa timu yake ya Angels inapambana masewero 100, ambiri mwa iwo mothinana. Chaka chomwecho Mariano Rivera anapeza ma save 39 pa mipata 40, ERA 1.40, ma walk 6 m'ma inning 70.2. Rodríguez anataya 7 ndipo ERA yake inali 2.24. Amene anaponya bwino ndi Rivera, mosakayikitsa, koma mbiri ili ndi winayo.

Chitsanzo chowawa kwambiri ndi Cleveland ya 2007. Joe Borowski anatsogola American League ndi ma save 45, ERA 5.07. Mnzake wa mu bullpen yomweyo, Rafael Betancourt, anaponya ma inning 79.1 ndi ERA 1.47, ma save atatu. Zimatheka bwanji munthu wolola adani kugoletsa ma run asanu pa ma inning 9 kukhala wotsogola? Chifukwa ntchitoyo, nthawi zambiri, si yovuta monga imamvekera. David W. Smith wa Retrosheet, bungwe losunga ziwerengero za masewero akale, atasanthula masewero a zaka zambirimbiri anapeza kuti timu yolowa mu inning ya 9 ikutsogola ndi run imodzi imapambana pafupifupi 85 pa 100 alionse, ndi awiri pafupifupi 94, ndi atatu pafupifupi 97, ndipo nambala zimenezi sizinasunthe kwenikweni closer wa inning imodzi atabwera. Woponya wamba atapatsidwa ma run atatu ndi ma out atatu amalola adani kugoletsa mmodzi kapena awiri n'kuchoka ndi save yake.

Ena amathawira ku blown save, kuwerenga mipata yotayika, n'kugawa kuti apeze peresenti. Pakati pa anthu a nyengo imodzi zimathandiza. Kudutsa nyengo zimanamiza koopsa. Amene ali pamwamba pa onse pa kutaya ma save ndi Gossage, 112, ndi Fingers, 109, onse a mu Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a baseball. Peresenti ya Gossage ndi pafupifupi 73, ya Rivera ndi Trevor Hoffman pafupifupi 89. Chifukwa chake chili m'lamulo: ukalowa mu inning ya 7 timu ikutsogola ndi run imodzi, mdani ali pa base yachitatu, palibe out, mpira wouluka kutali ngakhale utagwidwa umalowetsa mdaniyo. Run imalembedwa kwa woponya amene anamusiya pa base, koma blown save imalembedwa kwa iwe. Ndipo ngakhale utapulumuka pamenepo, kwatsala ma out asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi oti chilichonse chichitike. Closer wa masiku ano zoterezi sakumana nazo kawirikawiri. Chimodzimodzi woponya wa inning ya 8 lero: akhoza kutaya save koma sangaipeze, n'chifukwa chake John Dewan ndi Mike O'Donnell anapeka hold mu 1986, nambala ya amene wasunga chitsogozo n'kusiyira mnzake, kuti naye akhale ndi chowerenga.

Izi sizikuchotsa ulemu pa ma save 84 otsatizana a Eric Gagné pakati pa 2002 ndi 2004. Kusalakwitsa kwa nthawi yaitali chonchi n'kovuta pa lamulo lililonse. Kungoti Gossage sanapatsidwe ntchito yoti mbiri yotere n'kutheka.

Ndiye tiyeze bwanji?

Choyamba n'kusandutsa ma save kukhala ma out. Gawani ma inning ndi masewero amene munthu analowa kuchokera ku bullpen, ndipo mudziwa ngati mukuyang'ana wozimitsa moto kapena wotseka. Samalani ndi anthu amene anayambapo masewero: ma inning 1,809.1 a Gossage akuphatikiza chaka cha 1976 chomwe White Sox inamuyesa ngati woponya woyamba n'kugonja masewero 17, ndipo Eckersley ali ndi zipambano 197 zomwe zambiri anazipeza asanakhale closer. Zaka zimenezo zipatuleni kaye.

Kenaka onani ubwino wa kaponyedwe pogwiritsa ntchito ERA+, imene imayerekeza ERA ya munthu ndi ya ligi yonse m'zaka zake komanso bwalo lake. 100 ndi wamba. Rivera ali pa 205, Billy Wagner 187, Hoyt Wilhelm 147, Hoffman 141, Sutter 136, Lee Smith 132, Gossage 126, Fingers 120. Koma nayonso ili ndi msampha. Munthu woponya inning imodzi amatulutsa mphamvu zake zonse pa omenya atatu kapena anayi, ndipo palibe amene amamuona kawiri tsiku limodzi. Woponya ma inning atatu ayenera kusunga mpweya. ERA+ imakondera a masiku ano monga momwe ma inning amakondera akale, ndiye muyenera kugwira zonse ziwiri nthawi imodzi. WAR, yowerenga zipambano zimene munthu wawonjezera poyerekeza ndi wosewera wongolowa m'malo, imayesa kuchita zimenezo: pa kawerengedwe ka webusaiti ya Baseball-Reference Rivera ali pafupifupi pa 56, Gossage wapitirira 40, Hoffman ndi Wagner ali cha m'ma 28. Apa Gossage, wa ma save 310, ali patsogolo kwambiri pa Hoffman wa 601.

Chachitatu ndi kuopsa kwa nthawi imene munthu ankalowa. Leverage Index ya Tom Tango imapereka 1.0 pa nthawi wamba, ndipo imakwera pamene kumenya kumodzi kungatembenuze masewero. Kulowa mu inning ya 9 ndi ma run atatu, pa base popanda munthu, kumakhala cha pa 1.0 kapena kucheperapo, kulowa mu inning ya 8 ndi run imodzi, adani awiri ali pa base, kumapitirira 3. Nambala ina, WPA, imawerenga mmene mwayi wopambana wasinthira pa womenya aliyense amene woponya wakumana naye. Pamodzi ndi chiwerengero cha adani amene anawapeza pa base ndi angati mwa iwo analowa, nambala zimenezi zimaonetsa zomwe save imabisa.

Tikachita zonsezi Rivera amakhalabe pamwamba, ndipo ndi bwino kunena momveka kuti ukulu wake sudalira 652. Chaka chake cha 1996, akukonzera njira John Wetteland, anaponya ma inning 107.2, anatulutsa omenya 130 pa strikeout (kuphonya katatu), ERA 2.09, ma save asanu okha, ndipo chili m'gulu la zaka zake zabwino koposa. M'masewero a postseason, olimbirana chikho ligi ikatha, anaponya ma inning 141 ndi ERA 0.70, kawirikawiri manijala Joe Torre akumuitana mu inning ya 8 ngati wozimitsa moto wakale. Ngakhale apo, ma save ake 42 a postseason ali ndi chidindo cha nyengo, pakuti kuyambira 1995 kunabwera Division Series, ndime imene Fingers analibe chaka ndi chaka.

Pa 4 Okutobala 2016 ku Toronto, Baltimore inali pa masewero a Wild Card, ogonja apite kwawo. Mu bullpen munali Zack Britton: ma save 47 pa mipata 47, ERA 0.54. Zigoli zinali 2–2 mu inning ya 9, ya 10, mpaka ya 11. Timu ya alendo imene yafanana zigoli imakonda kusunga closer, poganiza kuti ikatsogola padzafunika wotseka. Timu ya pakhomo ilibe chifukwa chimenecho popeza ikatsogola masewero atha. Buck Showalter, manijala wa Baltimore, anasunga Britton. Anaitana Ubaldo Jiménez, omenya awiri anafika pa base, ndipo Edwin Encarnación wa Toronto anaumenyera mpira kunja kwa mpanda, 5–2. Britton anali atatenthetsa mkono, osaponya mpira ngakhale umodzi. Masiku awiri pambuyo pake manijala Terry Francona wa Cleveland anaitana Andrew Miller mu inning ya 5 polimbana ndi Boston, ndipo mwezi womwewo Miller anasankhidwa kukhala MVP wa ALCS, ndime yomaliza ya American League, akugwira ntchito ya m'kati mwa masewero. Chichokereni nthawi imeneyo matimu ambiri agawa ma save pakati pa anthu awiri kapena atatu, kotero kuti wa ma save 25 lero akhoza kukhala woponya wabwino kuposa wa 45 wa chaka cha 2004.

Ovota a Hall of Fame, atolankhani a bungwe la BBWAA omwe amafuna mavoti 75 pa 100, nawo agwira njakata ndi nambalayi. Jeff Reardon anagwirapo mbiri ya ma save onse mu 1992, koma anachotsedwa pa voti yake yoyamba. John Franco wa ma save 424 naye analemba m'madzi ulendo woyamba. Lee Smith anagwira mbiriyo kuyambira 1993 mpaka 2006 ndi ma save 478, anakhala pa voti zaka 15 osapitirira 50.6 peresenti, mpaka komiti ina inamulowetsa mu 2019, chaka chomwe Rivera anakhala woyamba kutenga mavoti onse, 425 pa 425. Chosamveka kwenikweni ndi cha Sutter ndi Quisenberry. Sutter, ma inning 1,042, ERA 2.83, ma save 300, analowa mu 2006. Quisenberry, ma inning 1,043.1, ERA 2.76, ma save 244, anachotsedwa mu 1996 atapeza mavoti osakwana 5 peresenti. Sutter ali ndi Cy Young ya 1979 komanso dzina lofalitsa kaponyedwe ka split-finger, zoona, koma pa ntchito imene anagwira m'bwalo anthu awiriwa ndi mapasa, ndipo n'kovuta kukhulupirira kuti nambala yozungulira ya 300 sinathandize.

Wagner analowa mu 2025 pa voti yake ya 10, yomwe inali yomaliza. Ma save ake 422 ndi ochepa poyerekeza ndi a Franco, ndiye chinamulowetsa si chimenecho ayi. Ndi ERA 2.31 ndi ma strikeout 1,196. Chinamuchedwetsa ndi ma inning 903, ndipo ndi yekhayo mwa ma reliever a mu Hall of Fame amene sanafike 1,000. Mkangano womwewo ukudikira Kenley Jansen, Craig Kimbrel ndi Aroldis Chapman, onse oponya inning imodzi. Ntchito ya Marshall ya 1974 yokha ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ma inning onse amene Wagner anaponya m'zaka 16.